Kutseka mabowo a malimu achitsulo: yoyamba yapindika kale

Wa pa Lizulu: Amisiri anzanga, thandizeni msanga. Kasitomala wabweretsa malimu anayi achitsulo a Probox, 14 inchi, akufuna mabowo ozungulira aja atsekedwe, limu isalale see ngati mbale. Ndadula zigamba za 3 mm, ndawotcherera yoyamba ndi ma rod a 3.2 mm, koma ndikaimanga pa habu (pomangira limu ku galimoto) ikuvina. Atatuwa sindinawakhudze. Ndalakwitsa pati? Akuwafuna Lachisanu.

Wa pa Dedza boma: Achimwene, 3.2 yakula, motowo wakoka chitsulo. Tsikani pa ma rod a 2.5 mm, mtundu wa E6013, ma amp 60 mpaka 75. Ndikuganizanso kuti munazungulira bowo lonse ulendo umodzi. Chigamba chilowe ndendende, mpata usapose 1 mm, ndipo penti ndi dzimbiri zichoke mbali zonse ziwiri. Chigwiritseni ndi timadontho tinayi, n'kulumphira bowo la tsidya lina, monga timamangira manati. Zonse zikagwira, lumikizani sentimita imodzi kapena awiri basi, dikirani mpaka dzanja lipirire kutentha. Osathira madzi, imapindika kwambiri ndipo pamsokopo pamachita ming'alu.

Madala a ku Tsangano: Mwana wanga, mabowo amenewo si okongoletsa ayi. Ndi modutsa mphepo yoziziritsa mabuleki. Probox itasenza matumba a mbatata itsike Khwekhwerere kupita ku Golomoti malimu ali otseka, mapadi apsa, mafuta a mabuleki awira, phazi lingolowa pansi. Musatseke.

Wa ku Bembeke: Tisanapite patali, tayala mwachotsa? Kuphwetsa kokha sikokwanira. Moto ukalowa mu limu, labala amayamba kupsa m'kati mwakachetechete, tayala limatha kuphulika ngakhale mwazimitsa kale makina. Lichoke lonse, valavu yomwe.

Wa pa Lizulu: Matayala ndachotsa akulu. Nanga ndikangomata fila, phala lomatira bodi ya galimoto lija, osawotcherera?

Wa pa Dedza boma: Ayi. Limu imagwedera pa bampu iliyonse komanso imatentha, fila wonenepa amasweka n'kugwa. Fila ndi wongophimba timaenje mukatha kupala, osaposa 2 mm. Popala ndi gulayinda musadye chitsulo cha limu, palani msoko wokha. Pokhala manati ndi pamene limu imagunda habu musafikepo, ngakhale penti pasachuluke, manati amamasuka.

Madala a ku Tsangano: Kaya fila kaya rod, mphepo idutsa pati? Kumbuyo kuli mabuleki a madilamu, mwina mungapulumuke. Kutsogolo kuli madisiki, ndiko kumagwira ntchito yaikulu yoimitsa galimoto.

Wa pa Ntcheu boma: Yovinayo iyezeni. Imangeni pa habu, imikani waya wolimba pafupi ndi m'mphepete, zungulitsani pang'onopang'ono. Ikamasiyana kuposa 1 mm, itayeni, mupeze ina yakale. Kuiwongola ndi hamala kapena gasi ndi kuifooketsa. Ndipo zigamba zikhale zofanana: cha 30 mm m'lifupi pa 3 mm chimalemera pafupifupi magalamu 17, osawerengera msoko. Mbali imodzi ikalemera, chiwongolero chimanjenjemera pa M1. Mukatha, kubalansa ndi pa makina, osati ndi maso. Mphamvu yomangira manati a Toyota ngati imeneyi ndi 103 Nm.

Wa ku Bembeke: Kumbuyo kwa zigamba muwotcherere konse, mukasiya mpata madzi amakhalamo, mvula ikangodutsa dzimbiri latulukira pansi pa penti. Pulayimala mbali zonse.

Madala a ku Tsangano: Muuzeni kasitomala agule mawilikapu osalala, akafuna kutsika phiri amavula. Limu yowotcherera ikasweka pamsewu, dzina lotchulidwa ndi lanu. Akakakamira, tsekani akumbuyo okha.

Wa pa Ntcheu boma: Ndi MIG, makina owotcherera ndi waya ndi gasi, ya waya wa 0.8 mm, ntchito imeneyi imapepuka, moto wake ndi wochepa. Alipo amene ali nayo pakati pa Lizulu ndi Dedza? Gasi wake mukudzadzitsa ku Lilongwe kapena ku Blantyre?