Bwanji matailosi osabwereza akukanika pa mzere koma pa Z² akutheka?

Nachisale_92:
Akuluakulu thandizeni mutu wayima. Ndikuwerenga za aperiodic tilings, kuyala matailosi kosabwereza, pa ma group (magulu a mu algebra monga Z ndi Z²), ndiye akuti pa Z, mzere wa manambala uja, palibe seti ya matailosi yomwe ingakukakamize kuyala mosabwereza, koma pa Z², gridi ya masikweya yopita mbali zonse, ilipo, Berger anaitulutsa mu 1966 ya matailosi 20,426. Chabwino. Nanga Thue-Morse ija, 0110100110010110..., si ili pa mzere womwewo ndipo sibwereza? Akunama ndani apa?

mphunzitsi_wakale:
Palibe akunama asisi, mwangophatikiza zinthu ziwiri. Thue-Morse ndi coloring, mwapenta nokha malo aliwonse 0 kapena 1, ndipo kuti muletse kubwereza pamafunika malamulo osatha, kutalika kulikonse lamulo lakelake. Matailosi ayi, mitundu ndi yowerengeka ndipo tailosi imangodziwa yoyandikana nayo basi. Ndiye pa mzere mukamayala kupita kumanja, mufune musafune mtundu womwe munaika kale ubweranso, pamenepo mungotenga chidutswa chapakatipo n'kumachibwereza mbali zonse ziwiri osaphwanya lamulo ngakhale limodzi, yatha, periodic, yobwereza. Pa Z² kachenjerero kameneka sikagwira chifukwa malire a chigawo amakulirakulira, mulibe chitsimikizo choti m'mbali zonse zigwirizana nthawi imodzi. Ndipo 20,426 ija inatsika, Jeandel ndi Rao mu 2015 anapeza ma Wang tiles 11 (masikweya a mitundu m'mbali, osaloledwa kuzunguzidwa) n'kuonetsa kuti kwa ma Wang tiles pansi pa 11 sizingatheke.

Cayley_boy:
Aphunzitsi anena zoona koma nkhani yokoma ili pa ma ends, zidutswa zopanda mathero zomwe zimatsala mukachotsa chigawo chowerengeka. Jambulani Cayley graph ya Z (timadontho ta group ndi mizere yolumikiza toyandikana), chotsanipo kadontho kamodzi, yaduka pawiri, mbali zonse zopanda mathero. Ya Z² chotsani chigawo chachikulu bwanji bola chowerengeka, kunjako kumakhalabe kolumikizana, end imodzi. David Cohen anatsimikiza kuti group ya ma ends awiri kapena kuposa singakhale ndi strongly aperiodic SFT, seti ya matailosi ya malamulo owerengeka yoletsa kubwereza kulikonse, ndiye free group, yomwe graph yake ndi mtengo wa nthambi zosatha, nayonso yagwa pompo limodzi ndi Z. Kenako iyeyo ndi Goodman-Strauss ndi Rieck anaonetsa kuti ma hyperbolic group (omwe ma triangle a pa graph yawo amakhala owonda) a end imodzi ali nayo. Pomwe kupenta chabe n'kotchipa, Gao, Jackson ndi Seward anaonetsa kuti countable group iliyonse (yomwe mamembala ake mungawandandalike 1, 2, 3...) imatheka ndi mitundu iwiri yokha. Musamale ndi mawu oti weakly (kubwereza mbali zina n'kololedwa) ndi strongly (palibe kubwereza konse), mapepala ena amangoti aperiodic osanena kuti iti, zimanyansa.

Fundi_Zomba:
Ine masamu anuwa andipitirira kkkk koma tailosi yosabwereza ija yotchedwa hat ya David Smith ya 2023 ndinaiona, mbali 13, tailosi imodzi yokha. Vuto ena amayenera kutembenuzidwa chagada, ndiye tailosi ya ku bafa yonyezimira mbali imodzi utembenuza bwanji? Mpaka uwotche mitundu iwiri. Bola tailosi ina yotchedwa spectre inabwera pambuyo pakeyo, yosafuna kutembenuza. Koma kasitomala akandiuza ndimuyalire zimenezo mtengo ndi katatu.

Nachisale_92:
Zikomo nonse, za kubwereza chidutswa zamveka bwino. A Cayley_boy, ndiye kuti group iliyonse ya end imodzi zimatheka eti?

Cayley_boy:
Ayi ndithu musathamange. Jeandel anaonetsa kuti finitely presented group (yofotokozedwa ndi ma generator ndi malamulo owerengeka) ikakhala ndi strongly aperiodic SFT ndiye kuti word problem yake ndi decidable, kutanthauza kuti pali algorithm yodziwa ngati mawu awiri akuimira membala mmodzi wa group, ndipo alipo ma group a end imodzi omwe word problem yawo palibe algorithm yoithetsa. Amenewo atuluka kale. Yambani ndi matailosi 6 a Robinson a 1971 (awa si ma Wang tiles, amaloledwa kuzunguzidwa), jambulani papepala muone masikweya akulowa m'masikweya akuluakulu, kenako mubwere tikambe za hyperbolic.