Dike ya basalt mu granite: mzere wakuda pakati, ndi fault kapena chiyani?

wa_ma_core: Akuluakulu, ndithandizeni maganizo. Ndikulemba za core (mwala wautali wozungulira womwe timatulutsa pobowola pansi) ndipo yadutsa dike ya basalt (mwala wakuda womwe unalowa mumng'alu uli wosungunuka n'kuuma momwemo) mkati mwa granite, mamita 3.4 m'bokosi, malire ake apendekera madigiri 40 ku mzere wa core. M'mphepete monse muwiri mwalawo ndi wakuda bii, timibulu tosaoneka ngakhale ndi hand lens, ndipo ukamalowa mkati tikukula monga mwa masiku onse. Koma chapakati pali mzere wina wakuda, wopyapyala ngati chala, kenako timibulu tayambanso kukula. Abwana akuti ndilembe kuti ndi fault, mng'alu womwe miyala inatsetserekerana. Ine mtima ukukana.

mai_petro: Musathamangire, achimwene. Fault imasiya zizindikiro: mwala wophwanyika, dongo, mikwasa yotsetsereka. Mzerewo ukulekana mukaumenya ndi hamala, kapena wamatirira?

wa_ma_core: Wamatirira zolimba, amayi. Dongo palibe.

mai_petro: Ndiye tengani lens muone mbali zonse za mzerewo. Ngati mbali ina timibulu tatikulu tadulidwa mwadzidzidzi pomwe mbali inayo tikukula pang'onopang'ono kuchokera pamzere, imeneyo ndi chilled margin yamkati, mphepete yomwe inazizira msanga. Magma, mwala wosungunuka uja, inabwera kawiri. Yoyamba inali itauma kale, yachiwiri inang'amba pakati n'kuzizirira pa inzake. Mukafufuza bwino mupeza mzere wachiwiri kutsidya, chifukwa yobwera pambuyoyo ili ndi mphepete ziwirinso. Nthawi zina umakhala wosaoneka bwino.

mkulu_wakale: Amayi anena zoona, koma tiyambe takonza muyeso. Mamita 3.4 ndi utali wa m'core basi. Kuchindikala kwenikweni ndi 3.4 kuchulukitsa ndi sine ya 40, pafupifupi mamita 2.2. Zimenezi n'zofunika chifukwa nthawi yozizira imayendera sikweya ya kuchindikala. Kutentha kumayenda mumwala pa thermal diffusivity ya pafupifupi 10⁻⁶ m²/s. Tengani theka la dike, mita 1.1, muchulukitse palokha, mugawe ndi nambala ija: mupeza masabata awiri. Muonjezerepo ndithu, poti ma crystal akamapangika amatulutsanso kutentha kwawo. Dike yochindikala kakhumi kuposa iyi ingatenge nthawi yochuluka ka 100. Tsono kuti magma yachiwiri izizire pa yoyamba mpaka kuda chonchi, sipafunika zaka mamiliyoni pakati pawo. Miyezi ingapo ikukwana. M'lipoti musalembe ngati nyengo ziwiri zosiyana popanda umboni wina.

wa_ma_core: Ndaupeza wachiwiri! Uli masentimita 60 kutsogolo, ndinauyesa mng'alu wamba. Koma palinso china. Kumalire akumunsi kuli timitsempha toyera tochokera mu granite kulowa mu basalt. Ndiye wamkulu pa zaka ndani apa, granite kapena basalt? Chodula chinzake si ndicho chaching'ono?

geo_wa_mgodi: Zimenezo ine ndingati granite inali isanaume pomwe dike imalowa.

mai_petro: Mwina, koma sindikhulupirira. Granite ikakhala ikadali phala, malire sakhala owongoka. Amapindikapindika, basalt imaduka m'mabulumwa, ndipo umapeza feldspar ya granite itamira mkati mwake, kapena quartz yozunguliridwa ndi mkombero wa pyroxene kapena hornblende. Achimwenewa akuti malire awo ndi owongoka komanso akuda. Ine ndikuona back-veining. Magma ya basalt imafika ndi 1100 mpaka 1200°C, pomwe granite yokhala ndi madzi imayamba kusungunuka cha m'ma 650 mpaka 700°C. Yosungunukayo imachedwa kuuma, ndiye imalowa m'ming'alu yomwe basalt yapanga pofota.

mkulu_wakale: Apo pokha ndikayike pang'ono, amayi. Pamalire kutentha kumakhala chapakati pa kwa magma ndi kwa mwala wolowedwawo. Granite yozizira yapafupi ndi pamwamba, malire angofika cha m'ma 600, osakwana kusungunula. Dike ya mamita awiri kuti isungunule khoma, ndiye kuti magma inayenda nthawi yaitali mumng'aluwo, kapena granite inali yotentha kale chifukwa chakuya. Ndipo magma ikayenda nthawi yaitali imakonda kudya chilled margin yake yomwe. Timitsemphato tingakhalenso quartz ndi calcite wamba za madzi otentha a pambuyo pake.

mai_petro: Chabwino bambo, maikulosikopu itiweruze. Achimwene, dulani ma thin section, tizidutswa topyapyala toonera pa maikulosikopu: malire akumunsi pamodzi ndi kamtsempha kamodzi, mizere iwiri ija, ndi pakati pa gawo lililonse. M'kamtsemphamo mukaona quartz ndi feldspar zolukana za granophyre, ndiye kuti granite inasungunuka. Pakati yembekezani plagioclase yaitali ngati timitengo ta machesi itakwiriridwa mu augite, ophitic kapena subophitic. Muyesenso utali wa plagioclase kuchokera kumalire kulowa mkati, abwana aone ndi maso kuti ikutsika pamizere iwiri ija.

wa_ma_core: Ndadontheza asidi pa kamtsempha kamodzi, sikakuwira, ndiye calcite ayi. Mu log ndalemba multiple dike, yomwe magma inalowa kangapo, za fault ndafufuta. Kodi section ya kumalire ndidule mopingasa malirewo?

mai_petro: Mopingasa, ndipo mujambule muvi wolozera kumwamba kwa core musanatumize. Ku labu akangodula, simudzadziwanso mbali.