Nsomba zanga za koi zikuvutika m'bandakucha magetsi akazima

Mwini dziwe, Chalala:
Akuluakulu, ndikupempha nzeru. Chaka chatha ndinamanga dziwe la nsomba za koi, nsomba zokongola zoweta pakhomo, kuseri kwa nyumba kuno ku Lusaka, motsanzira minda ya ku Japan, ndi miyala, kamlatho kamatabwa ndiponso kamathithi koyendera pampu. Dziweli ndi lakuya masentimita 70 ndipo ndinaikamo nsomba 12. Chiyambire kutentha kwa Okutobala uno, magetsi akazima usiku ndimapeza nsombazo m'bandakucha zitaunjikana pamwamba, zikuyasamula kukamwa ngati zikupempha chakudya. Dzulo ndapeza ziwiri zitafa, ndipo imodzi ndi Kohaku wanga woyera wa mawanga ofiira amene ankadya m'dzanja langa. Mtima ukundipweteka kwambiri. Kodi ndi matenda, kapena ndalakwitsa pena pake?

Mlimi wa nsomba, Makeni:
Pepani kwambiri achimwene. Mmene mwafotokozeramu, ine sindikuona matenda, koma kuperewera kwa mpweya wa okosijeni m'madzi. Madzi akatentha amasunga mpweya wochepa, ndiponso Lusaka ili pamtunda wa mamita oposa 1,200, kumene madzi satenga mpweya wochuluka ngati a m'mphepete mwa nyanja yamchere. Masana ndere ndi zomera za m'dziwe zimatulutsa okosijeni, koma dzuwa likalowa nazonso zimayamba kupuma mpweya womwewo pamodzi ndi nsomba, choncho nthawi yoopsa kwambiri ndi m'bandakucha. Ndikukhulupirira kuti zimene zafazo ndi zazikulu, chifukwa nsomba yaikulu ndi imene imayamba kugonja.

Musadikire mawa. Gulani kapampu kopopera mpweya koyendera batire kapena sola, chifukwa sikadya magetsi ambiri ndipo kangathe kugwira ntchito usiku wonse. Lero lino, mukaziona zikuyasamula, tungani madzi a m'dziwemo ndi ndowa n'kumawathira kuchokera m'mwamba kuti aphulike thovu. Chakudya chepetsani, ndipo tsiku limene pampu sinayende musazipatse n'komwe, pakuti koi yaikulu ingathe kukhala masiku angapo osadya popanda vuto.

Mayi wa ku Kabulonga:
Ndikugwirizana ndi bambo a ku Makeni, koma pali china chimene chinandiphera nsomba ine ndisanachidziwe. Mu fyuluta, chosefera madzi a m'dziwe, mumakhala tizilombo tosaoneka ndi maso timene timasintha ammonia wochokera m'thupi la nsomba kukhala nitrite, kenako nitrate amene sawononga kwambiri. Tizilomboti natonso timafuna mpweya, ndipo pampu ikaima maola ambiri timayamba kufa. Magetsi akabwera, pampu imakankhira madzi ovunda a mu fyuluta aja m'dziwe. Ine ndinazindikira nditanunkhiza fungo longa la mazira owola pa mathithi. Tsopano madzi oyambawo ndimawatayira pa kapinga, ndipo fyuluta ndimaitsuka ndi madzi a m'dziwe momwemo, osati a pampopi, chifukwa klorini amapha tizilomboti ndipo kuti tichulukanenso pamapita milungu inayi kapena isanu ndi umodzi.

Ngati mumathira madzi a borehole, dziwani kuti amatuluka pansi ali ndi mpweya wochepa, ndiye muziwawaza ngati mvula. Kuuma kwa madzi a kuno, kochokera ku miyala ya laimu imene mzindawu unakhalapo, sikuvutitsa koi, koma pH ikakwera, kutanthauza kuti asidi wachepa m'madzi, ammonia amakhala waululu kwambiri. Gulani zoyezera madzi, ndipo sabata iliyonse muzisintha gawo limodzi mwa magawo khumi.

Agogo a ku Chilanga:
Mwanangu, ndilankhule mosabisa: dziwe lanulo ndi losaya. Nsombazi zinachokera ku Niigata, ku Japan, m'midzi ya kumapiri monga Yamakoshi, kumene kumagwa chipale chofewa chambiri, ndipo zimakondwa madzi akakhala pakati pa madigiri 15 ndi 25. Zinatchuka zitaonetsedwa ku Tokyo mu 1914, ndipo kuyambira kale alimi akumeneko amazikulitsira m'maiwe aakulu adothi, osati m'timadziwe tokongoletsa pakhomo. Koi imakula kupitirira masentimita 60 ndipo imakhala zaka zoposa 25 ikasamalidwa, motero nsomba 12 zimene lero zikukwana, zaka ziwiri zikubwerazi zidzathinana. Kumbani mpaka mamita 1.2 kapena kupitirira, madzi akuya satentha msanga, ndiponso akakowa ndi anantchengwa savutitsa kwambiri. Pakadali pano kolekani neti yamthunzi mbali imodzi. Mukafuna kuchepetsa nsomba, perekani kwa anzanu amene ali ndi maiwe, musakazitaye mu Kafue kapena mumtsinje uliwonse, chifukwa zimafukula matope ndi kuwononga malo oswanirana nsomba zathu.

Mwini dziwe, Chalala:
Zikomo kwambiri nonse. N'zoonadi, zimene zinafazo zinali zazikulu kuposa zonse. Kapampu ka batire ndagula masana ano, ndipo usiku uno ndigona pafupi ndi zenera kuti ndizimva ngati kakuyenda. Agogo, za kukumba ndamva, koma ndifunsenso: kodi nsomba khumi zotsalazi ndingazisunge m'chiyani pa nthawi imene amisiri adzakhale akugwira ntchito?