Mastazi yosamaliza: pa CV ndiilembe bwanji?

Chikondi, Area 25
Odi akuluakulu nonse. Lero ndabwera ndi nkhani yanga ndekha, si ya wantchito wathu ayi. Mu 2021 ndidayamba mastazi (digiri yachiwiri) ya kayendetsedwe ka antchito pa yunivesite ina mumzinda muno, ija yophunzira Loweruka ndi Lamlungu. Za m'kalasi ndidamaliza zonse ndipo ndidakhoza, padatsala kafukufuku yekha. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023 zinthu kunyumba zidathina, mayi anga adagonekedwa m'chipatala, ndiye ndidayamba ndaima kaye. Mpaka lero sindidabwerereko.

Tsono kwatuluka ntchito ku bungwe lina ku City Centre, kalata akutseka Lachisanu. Akufuna digiri yoyamba, koma akuti wokhala ndi mastazi ali ndi mwayi woposa. Mnzanga akuti ndingolemba dzina la digiriyo ndi zaka, 2021 mpaka 2023, osawonjezera kanthu, poti pamenepo palibe bodza. Mtima wanga sukuvomera. Komanso kuisiyiratu kukundiwawa, zaka ziwiri zonse ndikudzuka mbandakucha kukakwera minibasi pa Nsungwi. Ndipange bwanji?

Mayi Nabanda
Chikondi mwana wanga, za mnzakozo usatsate. Ine ndasankha makalata a ofunsira ntchito zaka zambiri. Tikaona dzina la digiri ndi zaka ziwiri pambali pake, tonse timawerenga kuti munthuyu adamaliza, ndipo wolembayo amadziwa kuti tiwerenga choncho. Bodza lake lili pomwepo, ngakhale liwu lililonse palokha likhale loona.

Ndikuuze zomwe ndidaona ndi maso anga. Mnyamata wina adatiyankha bwino pa intavyu kuposa anzake onse, tidali titagwirizana kale m'mitima. Pomaliza tidati tione mapepala enieni. Adatsegula envelopu yake yakhaki, natulutsa satifiketi ya MSCE, digiri yoyamba, kenako pepala la zotsatira za mayeso a mastazi, basi. Wapampando adalitembenuza pepalalo kumbuyo, nalitembenuzanso, nafunsa kuti, "Nanga satifiketi yake?" Mnyamata uja adangoyang'ana patebulo. Ntchitoyo sinkafuna n'komwe mastazi. Akadalemba zoona tikadamutenga tsiku lomwelo, koma zitatero palibe mwa ife adafunanso kumupatsa makiyi a ofesi yosunga mafayilo a anthu. Mpaka lero ndimamumvera chisoni.

Bambo Chisale
Amayi anena zoona. Koma achemwali, tisanafike pa mawu oti mulembe, ndiyankheni ichi: dzina lanu likadali m'kaundula wa ophunzira kapena lidachotsedwa? Nkhani yonse yagona pamenepo. Sukulu iliyonse imaika malire a zaka zomwe munthu angakhale pa mastazi. Ngati mudalemba kalata yopempha kuima ndipo adakuyankhani, mwina mukadali wophunzira wawo, ndiye mutha kulemba kuti maphunziro akupitirira, ndi chaka chomwe mukuyembekeza kumaliza. Chakacho chikhale chomwe mwagwirizana ndi supavayiza wanu, mphunzitsi woyang'anira kafukufuku wanu, osati cha m'mutu mwanu. Koma ngati nthawi idatha, mawu aja anthu amakonda akuti "in progress" kapena "candidate", osonyeza kuti munthu akadaphunzira, si anunso.

Chikondi, Area 25
Bambo Chisale, mwandigwira pamenepo. Kalata sindidalembe. Ndidangowauza asupavayiza pa foni kuti ndavutika, iwo adati chabwino, mudzabwere zikakhala bwino.

Bambo Chisale
Mawu a pa foni salowa m'fayilo. Mawa pemphani maola awiri kuntchito mupite ku ofesi ya rejisitira, yosunga kaundula wa ophunzira, osati kwa asupavayiza. Mukafunse zitatu: ngati mukadali m'kaundula, ngati angakupatseni transcript (pepala la zotsatira za mayeso) yodinda chidindo, ndiponso ngati malamulo awo amalola kupereka Postgraduate Diploma, dipuloma ya pamwamba pa digiri yoyamba, kwa munthu amene adamaliza za m'kalasi. Sukulu zina zimatero. Ikapezeka ndiye kuti muli ndi pepala lathunthu lomwe mungalembe popanda kufotokoza zambiri. Mufunsitse bwino musanasayine, chifukwa kwina ukalandira dipulomayo njira yobwerera kukamaliza mastazi imakhala ndi malamulo ake.

Tadala M.
Ine ndisiyaneko nanu pang'ono akuluakulu. Bwanji angoichotsa? Mabwana ena akaona maphunziro osamaliza amati munthuyu amasiyira zinthu panjira. Anali pantchito zaka zonsezo, ndiye pa CV sipaoneka mpata woti wina afunse.

Mayi Nabanda
Kuichotsa si kunama, Tadala, zimenezo ndikuvomera. Chikondi akadakhala kuti adaphunzira semesita imodzi yokha, kapena akufunsira ntchito yosagwirizana ndi maphunzirowo, ndikadati aisiye. Koma uyu adakhoza zonse za m'kalasi, ndipo zomwe adaphunzira ndi zomwe ntchitoyi ikufuna: malamulo a ntchito, kakonzedwe ka malipiro, kuweruza milandu ya antchito. Adalipira ndalama zake, nzeruzo ali nazo. Azibisiranji? Bwana amene angamukane chifukwa adaima kuti adwazike mayi ake, ameneyo adzamuvutitsanso tsiku lomwe mwana adzadwale.

Yamikani, Kanengo
Ndionjezeko za malamulo, poti ndi zomwe ndimagwira tsiku ndi tsiku. Lamulo la ntchito la chaka cha 2000, gawo 59, limalola bwana kuchotsa munthu nthawi yomweyo popanda notisi pa zifukwa zingapo, ndipo chimodzi mwa izo ndi kusowa luso lomwe munthuyo adadzionetsa kuti ali nalo, kaya adachita kunena kapena adangochititsa ena kuganiza choncho. Mawu omalizawo ndi amene akukhudza nzeru ya mnzanu uja. Ndipo nkhani zoterezi sizitulukira pa intavyu pokha. Zimatuluka patapita zaka, pamene mukukwezedwa paudindo kapena ma auditor akufufuza mafayilo, nthawi yomwe muli ndi ngongole ya nyumba ndi ana ku sekondale. Mukapita ku khoti la milandu ya ntchito, CV yomwe mudatumiza ija amaibweretsa ngati umboni.

Chinanso, ngati akulembetsa pa intaneti, pamakhala kabokosi kofunsa maphunziro apamwamba omwe muli nawo. Pamenepo sankhani digiri yoyamba. Mastazi yosamaliza ipite pa malo ofotokozera zina.

Bambo Chisale
Eya. Ndipo kwa ena amene akuwerenga mwakachetechete, poti ndikudziwa Chikondi sali yekha: dzina la sukulu mulembe monga lilili pa pepala lanu. University of Malawi itagawidwa mu 2021, Polytechnic idasanduka MUBAS, College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing zidapanga KUHeS. Amene mudayamba kale n'kuima pakati, onani chomwe transcript yanu ikunena, chifukwa wofufuza akalemba kalata amalembera dzina lomwe mwamupatsa. Amene mudayamba maphunziro a kunja pa intaneti, kumbukirani kuti mabwana ena amafuna umboni wa NCHE, bungwe la boma loyang'anira maphunziro apamwamba, kuti sukuluyo ndi yovomerezeka.

Chikondi, Area 25
Ndabwerako akuluakulu. Dzina langa lidachotsedwa chaka chatha, nthawi idatha. Mayi wa ku ofesiko adatsegula fayilo pamaso panga, ndidaona ndekha mzere wofiira pa dzina langa, misozi idalengeza. Za dipuloma akuti ndilembe kalata, komiti ikakumana idzayankha. Transcript sangandipatse mpaka nditamaliza kangongole ka fizi komwe kadatsala, ndalipira theka lero, theka lina pa malipiro a mwezi uno. Andipatsa kalata yachidule yotsimikiza kuti ndidakhoza maphunziro onse a m'kalasi.

Pa CV ndalemba chonchi, pansi pa digiri yoyamba: dzina la pulogalamu ndi sukulu, 2021 mpaka 2023, kenako "coursework completed, degree not awarded", kutanthauza kuti za m'kalasi ndidamaliza koma digiri sindidalandire. Ndatchulanso maphunziro atatu ogwirizana ndi ntchitoyi, ndi chiganizo chofotokoza za matenda a mayi.

Mayi Nabanda
Wachita bwino mwana wanga. Koma za matenda a mayi zichotse pa CV, si malo ake. Akakufunsa pa intavyu uyankhe mwachidule, maso ali pa iwo: ndidamaliza za m'kalasi, ndidaima pa zifukwa za kubanja, ndapempha dipuloma ndipo ndikudikira yankho. Usapepese, usatalikitse. Dipulomayo usailembe mpaka kalata ya komiti ili m'manja mwako. Ndipo kalata ya rejisitira ija uijambulitse lero, imodzi uphatikize ku kalata yofunsira ntchito, yeniyeniyo ikhale mu envelopu yako.

Chikondi, Area 25
Ndachotsa, amayi. Zikomo nonse. Ndikasiya kalatayo mawa pa nthawi ya nkhomaliro, ndipo komiti ikayankha ndidzakudziwitsani pompano.