Ndili ndi pakati pa miyezi itatu: ndiyambe sikelo kapena ndidikire mimba ioneke?

Nangozo, Bembeke:

Ndikupempha nzeru kwa amayi amene munadutsamo kale, ndiponso kwa azaumoyo ngati mulipo. Aka ndi koyamba kuti ndikhale woyembekezera, ndipo ndikawerengera kuchokera tsiku limene ndinayamba kusamba komaliza, ndili pa sabata ya 11. Chimene chikundisowetsa mtendere n'chakuti mimba sikuoneka ngakhale pang'ono ndipo sindikumva chilichonse chikugunda m'kati, pamene nseru yandifooketsa moti fungo la anyezi wokazinga limandithamangitsa m'khitchini, ndipo kumunda wa mbatatesi ndikungofikira kukhala pamzere. Apongozi anga, amene amandisamala bwino ndithu, akuti ndisayambe sikelo mpaka mimba itaonekera, chifukwa panopa akadali magazi chabe, komanso anthu akandiona pamzere wa amayi apakati nkhani idzafala mudzi wonse nthawi isanakwane. Kodi pa miyezi itatu mwana amakhala atafika pati? Nanga nditadikira mpaka mwezi wachisanu pali choopsa chanji?

Mzamba, Dedza:

Mayi Nangozo, mawu akuti akadali magazi chabe ndimawamva kawirikawiri, ndipo sindiwanyoza, pakuti akuluakulu amanena zimene maso awo amaona. Koma zimene zili m'chiberekero mwanu panopa zapitirira pamenepo kalekale. Pofika kumapeto kwa sabata ya 12 mwana amakhala wotalika masentimita 5 kapena 6 kuchokera pamutu kufika kumatako, ngati chala chanu chaching'ono, ndipo pafupifupi theka la msinkhu umenewu ndi mutu. Mtima wake unayamba kugunda cha m'sabata ya 6, ndipo tsopano ukugunda maulendo oposa 140 pa mphindi imodzi, pafupifupi kuwirikiza kawiri kagundidwe ka mtima wanu. Zala za m'manja ndi za kumapazi zalekana, zikhadabo zikuyamba kumera, zikope zaphimba maso, ndipo impso zayamba kupanga mkodzo.

Mwanayo akutakataka kale, kungoti ndi wamng'ono kwambiri moti simungamumve. Mayi wa pakati poyamba amayamba kumva kugunda pakati pa sabata ya 18 ndi ya 20, choncho musade nkhawa ndi bata limenelo. Mimba nayonso sikuoneka chifukwa chiberekero chikadali chobisika kuseri kwa fupa la pachinena, ndipo chimayamba kutulukira pamwamba pa fupalo cha m'sabata ya 12.

Nseru imabwera makamaka chifukwa cha michere ya m'thupi yotchedwa mahomoni, imene imachuluka kwambiri cha m'sabata ya 9 ndi ya 10, ndipo kwa amayi ambiri imazilala pofika sabata ya 14 kapena ya 16. Muzidya pang'onopang'ono koma pafupipafupi, ndipo madzulo muzisunga kanthu kouma pafupi ndi pogona, monga chimanga chokazinga kapena mbatata yootcha, kuti mulawe musanadzuke, chifukwa m'mimba mopanda kanthu ndi mmene nseru imakulira. Koma mukaona kuti tsiku lathunthu latha ngakhale madzi sakukhazikika, mkodzo wachepa ndipo wada, kapena mukuchita chizungulire mukaimirira, imeneyo si nseru wamba ndipo mupite kuchipatala tsiku lomwelo.

Pa za sikelo, yankho langa ndi lakuti muyambe sabata ino. Mu 2016 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linalangiza kuti mayi azionedwa kasanu ndi katatu pa nthawi ya pakati, ulendo woyamba usapitirire sabata ya 12. Pa ulendo umenewu sitifuna kwenikweni kugwira mimba, koma kuyeza kuchuluka kwa magazi, kuthamanga kwake, HIV ndi chindoko. Chindoko ndicho chimandiwawa mtima kwambiri, chifukwa mayi angakhale nacho osamva kupweteka kulikonse, koma chimalowa kwa mwana kudzera mu nsengwa n'kuchititsa kuti afere m'mimba kapena abadwe wodwala, pamene jakisoni wa penisilini woperekedwa msanga akanathetsa vutolo. Za HIV, kuyambira mu 2011 dziko lathu limayambitsa ma ARV kwa mayi woyembekezera aliyense amene wapezeka ndi kachilombo, osadikira kuti chitetezo chitsike, ndipo akayamba msanga mpata wopatsira mwana umachepa kwambiri. Mudzalandiranso mapiritsi owonjezera magazi, neti, ndi katemera wa kafumbata ngati simunamalize. Kudikira mpaka mwezi wachisanu ndi kutaya miyezi iwiri imene zonsezi zikanakhala zikugwira ntchito.

NaJere, Tsangano:

Mwana wanga, ine ndili ndi ana anayi, ndipo pa woyamba ndinachita zimene apongozi anu akunenazo. Ndinayamba sikelo pa miyezi isanu ndi umodzi, nditafika poti kuchoka pamjigo ndi ndowa kufika pakhomo ndinkatula kawiri, mtima ukugunda ngati ng'oma. Namwino atandikoka chikope n'kuyang'ana zikhatho zanga anangopukusa mutu, chifukwa zinali zitayera, ndipo miyezi yotsalayo inali yothamangitsana ndi magazi amene ndikanawasunga ndikanabwera msanga.

Komabe musakangane ndi apongozi anu. Mantha awo si opanda pake, chifukwa pakati pambiri pamene pamapita padera pamatero m'miyezi itatu yoyambirira, ndipo mayi amene mudzi wonse unadziwa kale amavutika ndi mafunso pamwamba pa chisoni. Chimene akufuna ndi chinsinsi, ndipo chinsinsi chimatheka ngakhale mutapita kusikelo, pakuti azamba salengeza za odwala awo. Ine pa mwana wachiwiri ndinanyamuka m'mamawa ngati ndikupita kumsika, buku la kuchipatala nditalikulunga m'chitenje pansi pa dengu, ndipo anadziwa ndi amuna anga ndi apongozi anga okha. Nkhaniyi amuna anu ndiwo ayankhule ndi mayi awo, chifukwa mayi amamva msanga mawu a mwana wake kusiyana ndi a mtengwa. Za miyambo ya pakati poyamba, anankungwi adzabwera pa nthawi yawo, ndipo sikelo siwatsekera khomo.

Ndikuchenjezeni chimodzi. Pachipatala china ndinabwezedwapo pa miyezi itatu, ati mimba sinayambe kugwirika ndibwerenso mwezi wamawa, ndipo ndinabwerera kunyumba osayezedwa kalikonse. Zoterezi zikakuchitikirani musangotembenuka, koma munene mwaulemu kuti mwabwera kudzayezetsa magazi ndi kulandira mapiritsi. Mapiritsiwo amadetsa chimbudzi ndipo ena amawalimbitsa m'mimba, koma chimenecho si chifukwa chowasiyira. Ngati akuwonjezera nseru, yesani kumwa usiku mukatha kudya, ndipo musamwere tiyi chifukwa amalepheretsa thupi kuyamwa bwino mphamvu yake. Mazira idyani, kuti mwana amabadwa wopanda tsitsi ndi nkhambakamwa, anga onse anabadwa ndi tsitsi la mpanda.

Mlangizi wa zaumoyo, Mtakataka:

Ndiwonjezere za malungo, chifukwa anthu a kumtunda monga ku Bembeke amakonda kunena kuti kwawo n'kozizira, udzudzu kulibe. N'zoona kuti malungo ndi ochuluka kuno kunyanja, koma ambiri mumatsika kudzagulitsa mbewu kapena kudzagona pamaliro, ndipo usiku umodzi wopanda neti ndi wokwanira. Kwa mayi wapakati malungo amatha magazi ndipo angachititse kupita padera. Mankhwala oteteza a SP, amene ambiri timawatchula kuti Fansida, saperekedwa sabata ya 13 isanakwane, ndipo mayi amene akumwa Bactrim tsiku lililonse salandira konse, choncho panopa chitetezo chanu ndi neti basi. Thupi likatentha musagule mankhwala pagolosale, koma mukayezetse ndipo munene kuti muli ndi pakati.

Popeza mwatchula munda wa mbatatesi, ntchito yosakaniza ndi kupopera mankhwala a mbewu muisiyire ena, ngakhale kuchapa zovala zimene avala popopera. Mowa wamtundu uliwonse ndi mankhwala azitsamba osadziwika mphamvu yake muwapewe. Mukaona magazi, kapena mukamva kupweteka kwambiri mbali imodzi ya m'munsi mwa mimba, musadikire kuti kuche.

Nangozo, Bembeke:

Zikomo kwambiri nonse. Amuna anga ayankhula ndi mayi awo dzulo madzulo, ndipo avomera, bola tipite awiri ndipo tisauze wina aliyense. Ndili ndi funso lina limene ndimachita nalo manyazi: masiku ano ndikulakalaka dothi, moti ndikadutsa pachulu kapena mvula ikangowaza pakhoma malovu amadzadza m'kamwa. Kodi zimenezi zili ndi vuto?

Mzamba, Dedza:

Musachite manyazi, mayi, chifukwa amayi ambiri apakati zimawachitikira, ndipo kawirikawiri chilakolako chimenechi chimayendera limodzi ndi kuchepa kwa magazi. Dothilo silibwezera magazi, koma lingakupatseni njoka za m'mimba, ndiponso limalepheretsa thupi kuyamwa zofunika za m'zakudya ndi m'mapiritsi. Mukakafika kusikelo mukauze mzamba za dothilo monga mwanenera pano, kuti akayang'anitsitse zotsatira za magazi anu, ndipo mulembe papepala tsiku limene munayamba kusamba komaliza, chifukwa funso loyamba limene akakufunseni ndi limenelo.