Gulu la banja la ku Joni: baki isanyamuke filter ya dizilo isanasinthidwe

Amalume (Turffontein): Mwaswera bwanji nonse. Tikambirane za baki, Hilux yathu ija, nthawi isanatithere, paja tinapangana kuti pa 14 December inyamuke ndi katundu wa chiliza cha amayi. Dzulo pochokera ku City Deep yandidetsa nkhawa, pa M2 pomwepa ndikaponda mafuta ikungokhala ngati ikutsamwa, pa kamtunda kakang'ono mpaka ndinabwerera giya 3 chonsecho kumbuyo kulibe katundu. Kenako kanyali ka filter kayaka pa dashibodi

Azakhali (Tembisa): Mayo ine. Achimwene ndiye tifika nayo ku Balaka imeneyi? Ine matailosi ndagula kale mabokosi 9 ali pansi pa bedi

Alamu (Rosettenville): Tawonani bwino amalume, kanyaliko kakuphethira kapena kangoyaka osazima? Pa Hilux ya D-4D ngati yathuyi zimasiyana. Kakamaphethira ndiye kuti pansi pa filter padzaza madzi, timangomasula kapulagi ka pansi madzi nkutuluka. Kakangoyaka chiyakire ndiye kuti filter yatsekeka ikufunika ina

Amalume (Turffontein): Kangoyaka osazima

Alamu (Rosettenville): Basi ndi filter imeneyo. Munasintha liti komaliza?

Amalume (Turffontein): Chiigulire galimotoyi tasinthapo kamodzi kokha, oyilo yekha ndiye sindiphonya

Achimwene (Yeoville): Nanga osangoichotsa nkuitsuka ndi palafini bwanji, kenako kuipemerera ndi kompulesa. Kale ku Limbe ndikuyendetsa minibasi timatero ndithu ndipo imayenda mpaka Nsanje. Ndalama zatithera ku simenti abale, month end ino lendi ikudikiranso

Alamu (Rosettenville): Achimwene ndakumvani, za ndalama nzoona tonse zatipana. Koma ma minibasi aja anali a injini zakale, pampu yake inkapirira zinyalala. Iyi ndi common rail, dizilo amafika ku ma injector, tizitsulo tomwe timafayira dizilo mu injini, pa pulesha yoposa 1,000 bar ndipo timabowo take ndi tating'ono kwambiri moti kafumbi komwe diso silingaone kamakanda mkati. Filter mkati mwake ndi pepala, mukaipemerera ndi kompulesa pepalalo limang'ambika penapake inu osaona, ndiye galimoto imayenda bwino sabata imodzi zinyalala zonse zikungodutsa. Ku workshop kwathu ndaona anthu akulira ndi ma injector anayi, ndalama yake mutha kugula ma filter a zaka ndi zaka. Chonde njira imeneyo ayi

Achimwene (Yeoville): Ok alamu mwini ntchito ndinu, ndagonja

Achemwali (Mayfair): Ine funso langa, yatsekeka chifukwa chokalamba basi kapena pali china? Tisasinthe lero mawa nkutsekekanso tili pakati pa Masvingo ndi Harare ndi ana m'galimoto

Mphwa (Turffontein): Amalume pepani ndinene chilungamo pano pagulu. Tsiku lija munandituma kukatenga mafiriji ku East Rand ndinathira dizilo pa kadepoti kena kotchipa, anzanga anandiuza kuti ndipulumutsa kangachepe. Ndinathira wa R600 ndipo chenji ndinabweza kwa inu koma sindinanene komwe ndinathira. Mwina ndi zimenezo, zikundipweteka mumtima chiyambire dzulo

Amalume (Turffontein): Wachita bwino kunena mphwanga, bola tadziwa. Koma usadzabwerezenso, galimoto iyi si yanga ndekha tinasonkha anthu asanu ndi awiri

Alamu (Rosettenville): Zitha kukhala zimenezo, zithanso kukhala kukalamba, tikaona mtundu wa dizilo amene atuluke pansi. Nkhani ya dizilo wosakaniza ndi palafini ilipo ndithu muno, kumayambiriro kwa 2024 boma la South Africa linalengeza kuti linapeza malo othirira mafuta 70 akugulitsa wotere. Vuto la palafini ndi loti alibe kuterera kuja kwa dizilo, pampu ndi ma injector zimadalira dizilo yemweyo kuti zisakhulane. Ndipo palafini filter siingamugwire, amangodutsa. Chomwe filter imagwira ndi matope ndi madzi a m'mathanki osasamalidwa. Ndiye kuyambira pano tizithira dizilo wa 50ppm, wa salfa wochepa uja, pamalo odziwika pomwe magalimoto amathira ambiri

Azakhali (Tembisa): Ndiye tiipititse ku galaja? Alipiritsa zingati

Alamu (Rosettenville): Ayi azakhali iyi ndi ntchito ya pakhomo, ola limodzi silikwana. Ndibwera Loweruka mmawa ndisanapite ku ntchito. Koma ndikufuna amalume ndi mphwa agwire okha ine ndizingoyang'ana, chifukwa pa ulendo ine sindidzakhalapo tchuthi andikaniza. Joni mpaka kumudzi ndi makilomita oposa 1,700, Beitbridge, Harare, Nyamapanda, Tete, Zobue, Mwanza, ndipo mukudziwa kuti penapake mafuta akavuta munthu umakakamizika kugula wa m'zigubu. Ikakatsekeka ku Tete dzuwa lili pa liwombo mukhale mukudziwa pogwira

Amalume (Turffontein): Tafotokozani pano pomwe kuti zikhale mu foni, ndikakaiwala ndizikawerenga

Alamu (Rosettenville): Chabwino. Injini ikhale yozima ndipo yozizira, kiyi m'thumba. Mukatsegula boneti filter ili mu kachibekete kokhala ndi kapampu kopopa ndi chala pamwamba, mapaipi a dizilo akulowa pomwepo. Musanamasule chilichonse jambulani chithunzi kuti mudziwe paipi iti ikupita pati, kenako pukutani bwinobwino pamwamba ponse ndi m'mbali, apa ndiye ndimalimbikira kwambiri chifukwa anthu ambiri amaononga pomwepa, amatsegula pali fumbi fumbilo nkugwera mkati mbali ya dizilo woyera. Zulani mawaya awiri, ya pamwamba ndi ya sensa ya madzi pansi, modekha timapulasitiki take tikakalamba timathyoka. Ikani chidebe pansi, masulani kapulagi ka pansi dizilo atuluke

Alamu (Rosettenville): Akatha kutuluka masulani chiringi chomwe chimamanga chivundikiro, kwezani chivundikiro, tulutsani filter yakale. Mkati mwa kachibekete pukutani ndi nsalu yoyera yosathothoka ulusi, osati sanza zomwe mwapukutira oyilo. Ikani yatsopano, labala yozungulira ija ya O-ring ikaninso yatsopano imabwera mu bokosi momwemo, ipakeni kadizilo pang'ono ikhale bwino pamalo pake isapindike. Vundikirani molingana ndi mmene zinalili pa chithunzi chija, mangani chiringi mpaka chigwire koma osachita kumenya ndi hamala. Kapulagi ka pansi mangani ndi dzanja basi

Mphwa (Turffontein): Alamu ndinaona pa YouTube ena amathiriratu dizilo mu filter asanatseke kuti isavute kulira

Alamu (Rosettenville): Iwe usatero. Dizilo wa mu botolo ameneyo sanasefedwe, ukathira choncho wina amapita ku pampu osadutsa mu pepala. Kapampu ka pamwamba kaja ntchito yake ndi imeneyo. Upope ndi chala, poyamba kamakhala kofewa chifukwa muli mpweya, uzingopopa osatopa mpaka kalimbe. Kakalimba liza galimoto. Ikakana usakakamize sitata nthawi yaitali, masekondi 10 siya, popanso, yesanso, apo ayi upha batire. Ndipo amalume ichi chokha musaiwale, musamasule mapaipi achitsulo a ku ma injector kuti mutulutse mpweya ngati mmene tinkachitira pa injini zakale, pulesha ija imaboola khungu dizilo nkulowa m'thupi, munthu amatha kuduka chala

Achimwene (Yeoville): Eee zimenezi ine sindimadziwa, ndikanamasula ndithu

Alamu (Rosettenville): Ikalira muisiye mphindi zingapo mukuyang'ana ngati pakudontha pa chivundikiro ndi pansi. Kanyali ka pa dashibodi sikazima kokha, kali ndi kachitidwe kake ndi waya wa pamwamba uja, ndikakuonetsani pamaso Loweruka polemba ndingakusokonezeni

Azakhali (Tembisa): Nanga a landilodi anu achimwene alola? Paja anakalipa nthawi ija oyilo anatayikira pa peving'i

Amalume (Turffontein): Ndalankhula nawo kale, akuti bola tiyale makatoni pansi ndipo dizilo asapite mu dreni. Wakaleyo tithira mu chigubu alamu apite naye ku workshop komwe amasunga oyilo wakutha

Achemwali (Mayfair): Tsono za ndalama. Mu thumba la chiliza musagwiremo chonde, zija ndinawerengera kale simenti ndi amisiri ndi chakudya cha anthu kumudzi, mukachotsamo tikachita manyazi pamaso pa amfumu. Ndikupempha aliyense mwa asanu ndi awiri aponye R150 kwa ine pofika Lachinayi madzulo. Tigule ma filter awiri, imodzi ya Loweruka ina ya pa ulendo, yotsala ipite ku dizilo

Azakhali (Tembisa): Awiri achemwali? Imodzi siikwana?

Achemwali (Mayfair): Azakhali kumbukirani mu thanki mukadali dizilo uja mphwa anathira, ndiye kutsogoloku sitikudziwa tikathira wotani. Ine ndikhala mmenemo ndi ana awiri, sindikufuna kukagona pa msewu chifukwa cha kanthu kokwana mu handibagi

Alamu (Rosettenville): Achemwali anena zoona. Ndipo ogula apite ndi nambala ya VIN, ya chasisi ija, ili pa disiki ya layisensi pa windisikirini, kuti akupatseni yoyenera, ma Hilux ma filter ake amasiyana ndi chaka. Ya ku Toyota kapena GUD zonse ndi zabwino, ku Midas kapena AutoZone imapezeka. Za pa msewu zopanda bokosi ayi. Mutsegule bokosi pa kauntala pomwepo muone ngati O-ring ilimo

Azakhali (Tembisa): Chabwino ndamva, yanga nditumiza mawa ndikalandira. Achimwene a ku Yeoville ngati zavuta ndikuponyerani mudzandibwezera January

Achimwene (Yeoville): Zikomo azakhali Mulungu akudalitseni. Ine Loweruka ndibwera ndi makatoni ndi chigubu cha 5 lita, ndikufuna ndione nawo ndi maso

Mphwa (Turffontein): Kogula ndipita ndine Lachisanu ndikaweruka, ndipo R150 yanga ndiwonjezera ina R150 chifukwa cha dizilo uja

Amalume (Turffontein): Ponya R150 ngati anzako basi, inayo usunge ukagulire agogo ako aakazi a kuchimuna shuga. Kuyambira lero baki siyenda mpaka Loweruka, amene ali ndi katundu woti atengedwe adikire. Alamu 7 koloko ili bwino?

Alamu (Rosettenville): 7 ili bho. Mphwa upezeretu botolo loonekera mkati lotsuka bwino, dizilo woyamba kutuluka pansi timuike mmenemo akhazikike tione ngati muli madzi

Achemwali (Mayfair): Ndalandira ya amalume ndi ya alamu, kwatsala asanu. Mukatumiza lembani dzina pa reference chonde