Bambo a kunyumba akutumizidwa ku ukazembe kunja, ine ndi ana tikafikira kwa ndani?

Wobisa dzina: A Admin chonde bisani dzina. Abale anga, tulo sindikutiona. Bambo a kunyumba amagwira ntchito m'boma ku Capital Hill, ndiye alandira kalata yoti akagwire ku ofesi ya kazembe wathu kunja. Akuti tipite tonse. Mwana wamkulu ali Sitandade 7, wamng'ono amadwala mphumu, kukangozizira timagona tili maso. Ine ndili ndi kashopu ka zitenje ku Nsungwi, ndinayamba ndekha ndi ndalama za chipereganyu. Chimvereni nkhaniyi apongozi anabwera kuchokera ku Dedza ndipo sakuonetsa zobwerera. Akuti nyumba mulowe alamu anga, sofa ndi firiji tisiye momwemo. Firijiyo ndinagula ndine. Alamu omwewo anandibwereka ndalama ya katundu wa kushopu, mpaka lero zii. Funso langa ndi ili: kumeneko kumakhala munthu kapena ofesi yothandiza mabanja pa za sukulu, chipatala ndi kuzolowera? Nanga ine ndingakagwire ntchito? Ndikafunsa bambo amangoti tikaonera komweko.

Mayi a Tadala: Asisi, dziko lake liti? Pretoria ndi Tokyo si zinthu zofanana.

Malume wa ku Kawale: Koma anthu inu! Kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mpaka lero anthu sanadzukenso, ena akudya kamodzi pa tsiku, inu mukulirira firiji? Nyumba kumeneko akulipirirani ndi misonkho yathu. Walira mvula walira matope, mayi. Pitani mukazizidwe.

Nachisale: Musalole kutsala! Ine ndinatsala kuti ndisamale bizinesi, bambo anapita okha kunja. Chaka chachiwiri foni inayamba kuyankhidwa ndi mawu achikazi. Shopu mudzatsegula ina, achemwali.

Mnyamata wa kabaza: Aunt, simukufuna wantchito? Ndimachapa, ndimasita, mphumu ndilibe, pasipoti ndipanga mawa.

Mayi Busa: Apongozi ndi mayi anu, mwana wanga. Nkhani za m'nyumba sazibweretsa pa gulu la anthu masauzande. Itanani ankhoswe, mupemphere, mutsanzikane bwino.

Nachisale: Amayi Busa, ankhoswe akubweza ndalama ya zitenje ija?

Malume wa ku Kawale: Tsono poti mwafunsa, ndikuuzeni, chifukwa pagulu pano palibe wodziwa izi kuposa ine. Ndayendetsa galimoto za akazembe, za nambala ya CD zija, ku City Centre mpaka kupuma. Aamerika ali ndi ofesi m'maukazembe awo, amaitcha Community Liaison Office, mwachidule CLO. Boma lawo linatsegula ofesi yoona za mabanja ku Washington mu 1978. Kawirikawiri amene amagwira ntchito ya CLO amakhala mkazi kapena mwamuna wa mmodzi mwa ogwira ntchito pomwepo. Banja lisanatere pa Kamuzu International Airport amakhala atalilembera kale za sukulu ngati Bishop Mackenzie, za zipatala ndi za chitetezo. Amalipezeranso banja lina lolilandira. Ndinkaona ndi maso anga, mayi wachizungu akulowetsa mkaka, mazira ndi buledi m'nyumba ya anthu amene sanawaonepo, kuti ana akafika usiku apeze chakudya. Loweruka amawatengera ku Senga Bay kuti asasungulumwe. Ife timangodziwa kugula masuti otsanzikira!

Anaphiri a ku Area 47: Amalume anena zoona za Aamerika, koma musayembekezere zomwezo kulikonse. Ine ndinakhalako ndi bambo ku ukazembe wina. Ochokera kumudzi tinali mabanja owerengeka, ofesi yapadera ya mabanja kunalibe. Za nyumba ndi mapepala ankaona ndi bambo woyang'anira za muofesi, zotsalazo tinkathandizana tokha azimayi. Amene anandionetsa kogula ufa woyera ndi kokwerera basi anali mkazi wa mnzawo wa bambo. Pemphani nambala ya mayi mmodzi amene ali kumeneko panopa, muyambe kucheza naye musananyamuke. Chimene chinandipweteka ine si kuzizira ayi. Bambo akapita ku ntchito, ana kusukulu, ndinkakhala pawindo tsiku lonse osamva ndi mmodzi yemwe wonena kuti mwadzuka bwanji. Fufuzani tchalitchi ndi gulu la Amalawi okhala mumzindawo sabata yoyamba yomweyo.

Malume wa ku Kawale: Mwamva? Ndimanena ine. Timatumiza anthu kunja ngati tikuponya mwala m'chitsime. Komanso ambiri amapita chifukwa cha ndale, osati sukulu.

Che Bwanali: Amalume, mwawadziwa bwanji amuna a mayiwa? Ena analowa m'boma ndi mayeso, akwera pang'onopang'ono. Si aliyense wa chipani.

Malume wa ku Kawale: Iwe unali kuti ine ndikutsegulira akazembe chitseko? Khala chete.

Che Bwanali: Pa za ntchito, mayi, samalani. Pangano la ku Vienna la 1961 limapereka chitetezo kwa kazembe ndi a m'banja lake okhala naye nyumba imodzi, ndipo limaletsa kazembeyo kuchita bizinesi yopindulira yekha m'dziko limene watumizidwa. Inu ngati mkazi wake simungangofika n'kuyamba ntchito kapena kugulitsa zitenje. Zimatengera ngati mayiko awiriwo anagwirizana zolola a m'banja kugwira ntchito, ndipo pamafunika chilolezo. Bambo akafunse ku unduna woona za ubale ndi mayiko akunja, yankho likhale lolembedwa.

Sisi wa maoda: Mukakafika tilumikizane, muzinditumizira mafoni ndi nsapato, ine ndizikutumizirani usipa ndi chambiko.

Che Bwanali: Ndiye zimene ndangoletsazo izi.

Mayi a Tadala: Ndafunsa dziko, palibe wayankha. Ku South Africa sukulu zimatsegulira mu Januwale, ku Japan mu Epulo, ku England mu Seputembala. Ku Brasilia anthu amayankhula Chipwitikizi. Mwana wa Sitandade 7 uja mukapanda kuwerengera bwino ataya chaka.

Wobisa dzina: Zikomo nonse, ena mwandilimbitsa mtima. Amalume, firijiyo si ya misonkho yanu, ndinavutikira ndekha. Amayi Busa, ankhoswe ndinawauza kale, a kuchimuna akuikira kumbuyo alamu. Dzulo apongozi ayamba kuyeza makatani a kuchipinda kwanga ine ndili pomwepo. Ukwati wathu tinapanga chinkhoswe, kenako tinadalitsa kutchalitchi. Koma mphumu ija ndi imene ikundidetsa nkhawa kwambiri.

Nachisale: Makataniwo chotsani lero lomwe, mukasungitse kwa mayi anu.

Anaphiri a ku Area 47: Yang'anani setifiketi ya ukwati ngati ilipo ndipo mayina akufanana ndi a pa chiphaso chanu. Ana akhale ndi zikalata zakubadwa za ku NRB. Tengani malipoti a kusukulu a zaka ziwiri zapitazi ndi makadi a katemera. Wa mphumuyo mupite naye kwa dokotala akulembereni kalata m'Chingerezi yonena mankhwala amene amamwa ndi mlingo wake, mugulenso ma inhaler okwanira miyezi yoyamba, chifukwa kumayiko ambiri sagulitsa popanda kalata ya dokotala wa komweko. Muwaike m'chikwama cha m'manja, osati m'sutikesi. Bambo afunsenso kuti chipatala ndi fizi amalipira ndani, mpaka mwana wa zaka zingati. Tiuzeni dzikolo, mwina ndikudziwako munthu.

Malume wa ku Kawale: Zonsezi ndinanena kale ine pamwambapo, koma poti ndine dalaivala simunamve.

Mnyamata wa kabaza: Aunt, za wantchito zija simunayankhe.